Chambo Chenicheni N'chiti? Tiyeni Tiidziwe Nsomba Imene Tikugula

Pa msika wa Ndirande, wa Bangwe kapena wa Zingwangwa palibe dzina la nsomba lokweza mtengo ngati la chambo. Wogulitsa akangoti "chambo ichi, mayi," wogula sanenerera kwambiri, chifukwa aliyense amadziwa kuti chambo si ndiwo ya tsiku ndi tsiku. Ndi ndiwo ya mlendo, ya tsiku la malipiro, kapena yokazinga Lachisanu masana kuti banja lidzadye bwino pa Sabata. Komatu pa benchi limodzi pamatha kukhala mitundu inayi kapena isanu ya nsomba, yonse ikuyendera dzina limodzi lomweli. Ina ndi chambo ndithu, ina ndi achibale ake, ndipo ina sinalaweko n'komwe madzi a Nyanja ya Malawi.

Wina atha kunena kuti bola ndiwo zikome, za mayina n'za asodzi. Koma kusadziwa kusiyanitsa nsombazi kwatitayitsa kale zambiri monga dziko. Mtundu umodzi wa chambo unatha m'maukonde anthu ambiri osazindikira, chifukwa pa msika dzina loti chambo linkamvekabe tsiku lililonse.

Chambo ndi mitundu itatu

Akatswiri a nsomba akati chambo amatanthauza mitundu itatu yapachibale, imene kwawo kwenikweni ndi m'Nyanja ya Malawi, m'Nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire. Mayina ake a sayansi ndi Oreochromis squamipinnis, Oreochromis karongae ndi Oreochromis lidole. Woyambayo analembedwa m'mabuku a sayansi ndi Albert Günther mu 1864. Awiri enawo anawafotokoza ndi Ethelwynn Trewavas mu 1941, ndipo mayina ake sanawatenge kutali: karongae likuchokera ku Karonga, pamene lidole ndi dzina limene asodzi a kunyanja ankaitchula kale nsombayo. Kuyambira mu 1945 mpaka 1947 mayi wina wa ku Britain, Rosemary Lowe, anakhala kunyanja n'kumaphunzira moyo wa nsombazi pamodzi ndi asodzi, ndipo zambiri zimene timadziwa za kaswanidwe kake zinayambira pa ntchito yakeyo.

Zikakhala zazing'ono kapena zazikazi, nsomba zitatuzi zimafanana zedi. Thupi lake ndi lotuwa mowala ngati siliva, kumsana n'koderako, ndipo m'mbali muli mizere yakuda yotsika kuchokera kumsana kulowera kumimba. Mchira wa chambo chachikulu umakhala wokutidwa ndi timamba ting'onoting'ono tothithikana, moti ukaugwira umamveka wochindikala. Dzina loti squamipinnis likunena zomwezi, chipsepse cha mamba.

Kusiyana kumaonekera bwino pa zazimuna nthawi yoswana ikakwana. Yaimuna ya karongae imada bii thupi lonse, koma m'mphepete mwa chipsepse cha pamsana ndi mwa mchira mumakhala mzere woyera. Yaimuna ya squamipinnis siida choncho. Mutu wake ndi umene umasintha, umayera kapena kuoneka wobiriwira motuwa, moti imadziwika patali m'mulu wa nsomba. Asodzi ena a kumwera kwa nyanja amaitchula ching'anga, pamene yakuda ija amati biliwili. Lidole wamwamuna nayenso amada ngati karongae, koma amadziwika ndi chimutu chake chachikulu ndi kamwa lalitali, komanso mizere ya mano ake ndi yochepa. Mitundu itatu yonseyi yazimuna zimamera kanthu koyera konga mphonje pansi pa mimba, pafupi ndi potulukira ubwamuna. Makumba ndi chilunguni alibe mphonje imeneyi.

Nazonso nyengo ndi malo oswanira n'zosiyana. Karongae amayamba kuswana m'chilimwe mvula isanagwe, m'madzi osaya kwambiri. Squamipinnis amaswana makamaka m'dzinja. Lidole ankakonda kuyenda m'magulu pakati pa nyanja, kutali ndi gombe, akudya tizomera tosaoneka ndi maso timene timayandama m'madzi.

Achibale ofanana nacho

Nsomba imene imasokoneza ogula kwambiri ndi makumba, Oreochromis shiranus, amene dzina lake la sayansi likuchokera ku mtsinje wa Shire. Makumba amapezeka m'mphepete mwa nyanja, m'madambo, m'mitsinje ndi m'Nyanja ya Chilwa, ndipo ndi amene alimi ambiri a nsomba amaweta m'maiwe. Njira yosavuta yowadziwira ndi kuwerenga minga. Tembenuzani nsomba, muone chipsepse cha pansi chimene chili pakati pa mimba ndi mchira. Kutsogolo kwa chipsepsecho kuli minga yolimba, ndipo kumbuyo kwake kuli timitsempha tofewa. Chambo chimakhala ndi minga itatu. Makumba kawirikawiri amakhala ndi inayi. Ngakhale nsomba ikhale yowamba, mingayi imawerengeka bola ngati zipsepse sanadule. Kuonjezera apo, makumba amaoneka achikasu moderako kapena obiriwira, osati asiliva, ndipo mizere yake imakonda kuyenda m'litali kuchokera kumutu kupita kumchira. Aamuna akamaswana amada, koma m'mphepete mwa zipsepse mumafiira m'malo moyera.

Wachiwiri ndi chilunguni, Coptodon rendalli. Ichi sichivuta kuchidziwa. Pachifuwa ndi pamimba pake m'pofiira, kumsana n'kobiriwira moderako, mutu ndi waufupi wotsetsereka ndipo kamwa n'laling'ono. Chimadya udzu ndi masamba a m'madzi, n'chifukwa chake alimi amachiponyera masamba a mbatata ndi a chinangwa m'dziwe. Kaswanidwe kake n'kosiyananso: chimaikira mazira m'timaenje pansi, ndipo chachimuna ndi chachikazi zimalondera ana limodzi.

Ku chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kuli makakana, Oreochromis mossambicus, amene amagwidwa kwambiri m'dambo la Elephant Marsh. Ambiri amafika mu Blantyre ali owamba. Aamuna okhwima amakhala ndi milomo yochindikala ndi mphumi yolowa mkati.

Pomaliza pali nsomba ya chilendo, Oreochromis niloticus, imene kwawo ndi ku mtsinje wa Nile ndi madera ena a kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa. Imawetedwa kwambiri m'maiko ambiri, kuphatikizapo m'makola a pa Nyanja ya Kariba ku Zambia, ndipo ikafika m'mafiriji a m'tauni sizivuta kuimata dzina la chambo. Chizindikiro chake chili kumchira: muli timizere takuda tambiri, tondondozana bwino kuchokera pamwamba kutsika pansi. Boma la Malawi silola kuti nsombayi iwetedwe m'dziko muno, chifukwa ikalowa m'nyanja ikhoza kulimbirana chakudya ndi chambo kapena kuswana nacho, mtundu wathu n'kusokonekera.

Palibe cholakwika kudya makumba kapena chilunguni. Ndi nsomba zabwino, zonse zili ndi zipsepse ndi mamba monga momwe Levitiko 11 amafunira, mosiyana ndi mlamba, kampango ndi bombe amene alibe mamba. Makumba owetedwa m'maiwe kapena m'makola ngati a kampani ya Maldeco ku Mangochi amathandizanso kuti nyanja ipumeko. Chofunika n'chakuti wogula adziwe chimene akulipira.

Mmene chambo chimaswanira

Kuti timvetse chifukwa chake chambo chinachepa msanga, tione kaswanidwe kake. Nthawi ikakwana, zazimuna zimasonkhana pamalo a mchenga pansi pa nyanja. Chilichonse chimakumba chisa chozungulira ngati lichero lalikulu, chokhala ndi kachulu pakati. Chachikazi chimayendera zisazi, chimasankha chimodzi, chimaikira mazira, kenaka chimawatola n'kuwasunga m'kamwa. Mazira amaswera m'kamwa momwemo, ndipo kwa milungu ingapo mayiyo sadya kwenikweni. Akatero amapita kumalo osaya, kumabango ndi ku udzu wa m'madzi, kumene amakalavula anawo. Adani akayandikira, tiana timathamangira m'kamwa mwa mayi.

Njira imeneyi imateteza ana, koma ili ndi mtengo wake. Popeza m'kamwa ndi mochepa, chambo chimodzi chimaikira mazira mazana angapo okha pa nthawi, pamene nsomba zina zimamwaza mazira zikwizikwi. Chimatenganso zaka pafupifupi zitatu kuti chiyambe kuswana. Choncho msodzi akagwira mayi amene ali ndi ana m'kamwa waphera pamodzi nsomba mazana. Khoka likakokedwa pamalo a zisa limafafaniza zisazo, ndipo likadutsa m'mphepete mwa gombe limazula udzu umene ana amabisalamo.

Zida zogwirira chambo

Chida chodziwika kwambiri ndi matchera, maukonde amene amatchera madzulo n'kukaonjola m'mawa. Nsomba imakodwa m'mutu ikafuna kudutsa pa diso la ukonde, choncho kukula kwa maso ndi kumene kumasankha nsomba yogwidwa. Kumwera kwa nyanja malamulo anaika kuti maso a matchera asachepere mamilimita 95, kuti zazing'ono zizipulumuka. Pali khoka la chambo, limene amaliponya ndi bwato mozungulira n'kulikokera kumtunda anthu ambiri atagwira zingwe mbali ziwiri. Palinso miono yolukidwa ndi nsungwi kapena bango, imene amaitchera m'malo osaya. Mbedza sizigwira chambo chambiri poyerekeza ndi maukonde, chifukwa chakudya chake ndi ndere ndi tizomera ta m'madzi.

Usodzi wa makina unayamba m'zaka za m'ma 1940, pamene amalonda achigiriki anabweretsa maukonde akuluakulu ozunguliza ndi maboti a injini kumwera kwa nyanja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera maboti okoka maukonde pansi pa madzi. Ku Malombe kunafala makoka a kambuzi ndi nkacha, a maso ang'onoang'ono. Cholinga chawo chinali kambuzi, koma ankakokolola pamodzi ana a chambo. Masiku ano vuto lakula ndi maneti a udzudzu amene ena amawasoka kukhala makoka, komanso maukonde opyapyala a pulasitiki amene nsomba siziwaona m'madzi. Zonsezi n'zoletsedwa.

Zotsatira zake zinaonekera poyera ku Malombe. Mu 1982 nyanja yaing'onoyi inapereka chambo choposa matani 8,000. Pofika m'zaka za m'ma 1990 chinatsika kufika pa matani mazana ochepa okha, ndipo mpaka lero sichinabwerere pamene chinali. Ku Malombe komweko ndi kumene mu 1993 kunayambira makomiti a m'midzi oyang'anira madoko, boma litaona kuti silingalondere nyanja lokha. Lamulo la zausodzi la mu 1997 linapereka mphamvu kwa makomiti oterewa.

Lidole anapita osatsanzika

Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi pa dziko lonse, linaika mitundu itatu yonse ya chambo m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu. Za lidole lipotilo linali lowawa kwambiri: nsombayi sinaonekenso m'kafukufuku kuyambira mu 1992, ndipo mwina inatha kale. Iyi ndi nsomba imene m'masiku a Rosemary Lowe inkadzaza maukonde kumwera kwa nyanja. Chizolowezi chake choyenda m'magulu akuluakulu chinapangitsa kuti maukonde a makina aziikokolola mosavuta.

Taganizani, ambiri a ife amene tili pa koleji pano tinabadwa lidole atasowa kale. Makolo athu anamudya, mwina pa Ndirande pomwepa, osadziwa kuti akudya mtundu umene ukupita. Mitundu itatu ikamawerengedwa ngati umodzi, wina ukhoza kutha chiwerengero chonse chikuoneka ngati changotsika pang'ono. Ichi ndi chifukwa chachikulu chophunzirira kusiyanitsa nsomba.

Kasawala si mtundu wapadera

Pa misika yathu pamapezekanso timiyulu ta tinsomba tasiliva ta timizere, totalika ngati chala kapena chikhatho. Ena amati kasawala, ena amangoti tichambo. Ambiri timaganiza kuti ndi mtundu wina wa nsomba zing'onozing'ono ngati utaka kapena kambuzi. Ayi ndithu. Kasawala ndi mwana wa chambo amene sanakule. Utaka ndi kambuzi zimakhwima zili zazing'ono, zimaswana pa msinkhu womwewo, pamene kasawala akanasiyidwa akanakula kupitirira masentimita 30 n'kuswa ana ake.

Malamulo a zausodzi amaletsa kugwira kapena kugulitsa chambo chosafika masentimita 15. Umenewu ndi utali wa karula kakang'ono ka m'bokosi la masamu, kapena pafupifupi utali wa cholembera. Wogula aliyense atha kuyeza ndi maso. Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Novembala, boma limatsekanso usodzi wa makoka pa Nyanja ya Malawi kuti nsomba ziswane. Kudya kasawala kuli ngati kukazinga mbewu ya chimanga mvula ili pafupi: lero mukhuta, koma m'munda simudzamera kanthu.

Kodi nsomba zikachepa zingabwerere?

Za ku America zikutipatsa chiyembekezo. Kugombe la kum'mawa kwa dzikolo kuli nsomba yotchuka yotchedwa striped bass, ya mizere yakuda m'litali mwa thupi. Asodzi kumeneko amaphunzitsidwa kuisiyanitsa ndi m'bale wake white bass ndi ina yobadwa pophatikiza mitundu iwiriyi, chifukwa malamulo a msinkhu ndi chiwerengero chololedwa amasiyana. Amayang'ana ngati mizere ili yolunjika kapena yodukaduka, ndipo amatsegula kamwa kuwerenga timagulu ta mano pa lilime: striped bass ali ndi tiwiri, white bass kamodzi. Nsombayi inachepa kwambiri chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Boma linakhazikitsa lamulo loiteteza mu 1984, dera la Maryland linaletseratu kuigwira kuyambira mu 1985 kwa zaka zisanu, ndipo mu 1995 analengeza kuti yabwerera. Asodzi anadandaula pa zaka zoletsazo, koma anadzakololanso.

Sitifunikanso kupita kutali choncho. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, pansi pa ulamuliro wa Mfumu Yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, ndipo mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1950. Asodzi onse amachoka pa chilumbacho nthawi yotseka, ndipo wophwanya malamulo amathamangitsidwa. Mpaka lero malowa amadziwika ndi nsomba zambiri komanso zazikulu. Ku Nkhata Bay ndi maboma ena a m'mbali mwa nyanja, makomiti a m'midzi mothandizidwa ndi bungwe la Ripple Africa amalondera malo oswanira chambo ndi kulanda maneti a udzudzu. Kumene anthu agwirizana, ana a chambo amaonekanso m'mabango.

Mbali ya ife a m'tauni

Kuchokera ku Mangochi kufika ku Limbe ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 190, kudzera ku Liwonde ndi ku Zomba. Nsomba zimafika m'mawa zitaikidwa mu ayisi, mavenda amapikula, kenaka zimamwazikira ku Bangwe, ku Machinjiri, ku Chilomoni ndi m'misika ina. Msodzi wa ku Malombe sakoka kasawala chifukwa chodana ndi nyanja. Amakoka chifukwa akudziwa kuti kutauni kuli wogula. Unyolo umenewu umathera m'mbale zathu, choncho nafenso tili ndi chonena.

Mukafika pa benchi la nsomba, yambani mwaona mtundu wa thupi: lasiliva la mizere yotsika ndi chambo, lachikasu moderako ndi makumba, lofiira pachifuwa ndi chilunguni. Onani mchira ngati uli ndi timizere tondondozana ta nsomba ya ku Nile. Werengani minga ya chipsepse cha pansi. Yerekezani utali ndi cholembera chanu, ndipo ngati nsomba yonga chambo ili yaifupi kuposa pamenepo, isiyeni, mugule usipa, utaka kapena matemba. Funsani mwaulemu kuti, "Mayi, nsombazi zachokera kuti?" Ogulitsa ambiri amadziwa bwino katundu wawo, ndipo akaona kuti wogula akudziwa, amanena zoona. Musaiwale kuona ngati nsomba ili yabwino: maso owala, makha ofiira, mnofu wolimba ukaudina ndi chala.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tili ndi mwayi wina. Phunziro la kugawa zamoyo m'magulu limaoneka louma likamaphunzitsidwa ndi zithunzi za nyama za kunja. Koma mphunzitsi atagula chambo chimodzi, makumba amodzi ndi chilunguni chimodzi, n'kuuza ana a Fomu 1 kuti awerenge minga, ayeze utali, ajambule mizere, phunzirolo silingaiwalike, ndipo ndiwo za madzulo zapezekeratu. Mwana amene waphunzira zimenezi akatumidwa ku msika sadzabweranso ndi kasawala.

Ku mpingo timakamba za ukapitawo, ndipo kawirikawiri maganizo amathamangira ku chakhumi ndi zopereka. Koma ntchito yoyamba imene munthu anapatsidwa m'munda wa Edeni inali yosamalira mundawo ndi kutcha mayina zolengedwa. Munthu sasamala chinthu chimene sachidziwa dzina. Lidole mwina sitidzamuonanso. Karongae ndi squamipinnis akadalipo, akumangabe zisa zawo pa mchenga wa pansi pa nyanja, ndipo kuti adzakhalepobe zaka 30 zikubwerazi zikudaliranso zimene ife timavomera kugula.